NKHOKWE YA MAGETSI NDI DOTHI LA KU KASIYA

Mau amene Mlangizi wa Malimidwe analankhula pa wailesi m'nthawi ya Acikumbe.



Masiku ano alimi ambiri agula masola. Ena aika pa denga kuti ana aziwerenga usiku, ena akuyendetsa nao mapampu othirira tomato ndi anyezi m'cilimwe. Ici ncabwino ndithu. Koma pa misonkhano ya alimi pali dandaulo limodzi limene silisowa. Galasi la sola lija limatha zaka 20 likugwirabe nchito, koma batire limene munagulira pamodzi limafa patangopita zaka ziwiri kapena zitatu, mwinanso caka cisanathe. Ndalama ya fodya kapena ya soya imene mukadagulira feteleza ipita ku batire latsopano. Tsono anthu amafunsa kuti, "Kodi ophunzira aja alephera kupanga batire losafa msanga?"

Lero ndisiya za cimanga pang'ono kuti ndiyankhe funso limeneli. Nkhani yake icokera kutali, ku Japan, ku Ulaya ndi ku America, koma mumve mpaka potsiriza, pakuti idzabwera kudzatera m'minda ya ku Kasiya, m'boma la Lilongwe.

Batire ndi nkhokwe. Dzuwa likamawala mututiramo magetsi, usiku mutapamo. Lolemera lija lokhala ndi asidi, longa la galimoto, ndi lakale kwambiri. Analitulukira munthu wa ku France, Gaston Planté, m'caka ca 1859, ndipo m'kati mwake muli mtobvu. La m'mafoni ndi la mtundu wina, la lithium, limene kampani ya Sony inayamba kugulitsa mu 1991. Mabatire a sola atsopano ambiri ndi a mtundu waciwiriwu, ndipo ophunzira amene ndikuti ndikuuzeni za iwo akulimbana ndi umenewu.

M'batire la lithium muli zipinda ziwiri, ndi kansalu kopyapyala kozilekanitsa. Pamene mukulidzaza, kumene acinyamata amati kutchaja, tinthu tating'ono-ting'ono ta lithium timacoka m'cipinda cimodzi, kuoloka kansalu kaja ndi kukalowa m'cinzake. Mukayatsa nyale timabwerera kwao, ndipo ulendo wobwererawo ndiwo ukupatsani magetsi. Cipinda colandira alendoco amacimanga ndi graphite, mwala wakuda wofewa umene uli m'kati mwa pensulo.

Graphite ngwabwino, koma ali ndi zirema ziwiri. Lithium akalowa iye amatupa, pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo akatuluka amaphwa. Ganizani cipupa ca dothi cimene cinyowa ndi kuuma tsiku ndi tsiku, ming'alu siicedwa. Cirema cinaco ncoopsa. Mukalidzaza mofulumira kwambiri, kapena pamalo pozizira, lithium amalephera kulowa bwino, naunjikana pakhomo monga ng'ombe zolimbirana cipata ca khola. Pamenepo amasanduka timinga ta citsulo. Timingato tikakula timaboola kansalu kaja, zipinda ziwiri zikhudzana, batire litentha, ndipo nthawi zina liyaka moto.

Cifukwa ca ici ophunzira akhala akufuna-funa cinthu cina comangira cipinda cimeneci. Cimodzi mwa zimene aziyesa ndi ufa woyera wotchedwa titanium dioxide. Dzinalo lisakuopseni, ufawo muudziwa kale. Ndiwo uyeretsa penti wa pa cipupa ca sukulu, ndipo upezekanso m'mapepala, m'mapulasitiki ndi m'mankhwala ena otsukira mano. Citsulo cake, titanium, anacizindikira mbusa wa mpingo wa ku England, William Gregor, mu 1791, atatola mcenga wakuda m'kamtsinje ka ku Cornwall.

Ufa umenewu ukalandira lithium sutupa kweni-kweni. Kutupa kwake sikufika magawo 4 mwa 100. Timinga tija sitimera pa iwo ngakhale mudzaze mofulumira. Sucita dzimbiri, suyaka, ndipo m'dziko lapansi ulimo wambiri. Mudzati, nanga akucedweranji? Akucedwa cifukwa ufawu ngwaulesi. Magetsi sayenda bwino m'kati mwake, ndipo lithium alowamo pang'ono-pang'ono nathera pamwamba, monga mvula yogwa pa bwalo lopondedwa imene inyowetsa pamwamba pokha, pansi pali pouma gwa. Powerengera pa pepala, galamu imodzi ya graphite isunga miyeso 372 ya magetsi, ndipo ya ufa woyera isunga 335. Kusiyana kwake nkocepa. Koma poyesa zeni-zeni, ufa wamba ungosunga ngati theka la 335 ija. Ndiye kuti nkhokweyo njolimba, ciswe sicingaidye, koma khomo lake nlothina ndipo idzala theka lokha.

Mlimi akaona kuti madzi sakulowa pansi atenga khasu natipula. Ophunziranso anaganiza cimodzimodzi. M'malo mwa timibulu tolimba ta ufa, anati tiupange ukhale timapaipi tobooka m'kati monga mabango, kuti lithium azifika kunja ndi m'kati momwe. Timapaipi timeneti pa Cizungu amati nanotubes. Kucepa kwake nkobvuta kukhulupirira: pangafunike 500 kapena 1,000 togundana kuti tilingane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi la m'mutu mwanu, ndipo tina ntocepa koposa apo. Popeza khungu la kapaipi nlopyapyala cotero, lithium alibe ulendo wautali. Akangogogoda, walowa.

Njira zodziwika zopangira timapaipiti ziripo ziwiri. Yoyamba inacokera ku Japan mu 1998, kwa Tomoko Kasuga ndi anzake. Iwo anaphika ufa woyera uja m'madzi a soda waukali, yemwe uja amai apangira sopo, m'mphika wotseka ndithu, pa madigiri 110 kwa maola 20, ndipo atautsuka anapeza kuti wasanduka timapaipi. Yaciwiri ndiyo indikondweretsa ine. Amatenga kacidutswa kopyapyala ka citsulo ca titanium, nakamiza m'madzi okhala ndi mankhwala a fluoride, napititsamo magetsi. Magetsi acititsa citsulo kumera khungu, mankhwala aja naboola khungulo timaenje, ndipo ziwirizi zikamalimbana timapaipi timamera tokha, toima ciriri, tothithikana bwino-bwino ngati zisa za njuci. Palibe dzanja limene litiyala. Njirayi inaoneka ku France mu 1999, ndipo anaikometsa Craig Grimes ndi anzake ku Pennsylvania, m'dziko la America, kuyambira 2001, ndiponso Patrik Schmuki ku Erlangen, m'dziko la Germany. Ubwino wake ngwakuti kapaipi kali konse kali ndi muzu pa citsulo, cotero magetsi ali ndi njira yolunjika yotulukira, ndipo sipafunika ulimbo womatira ufa monga acitira m'mabatire ena.

Koma kutipula kokha sikucititsa munda wa mcenga kubala. Timapaipi tatsegula makomo inde, koma thupi lake likali la ufa waulesi womwe uja. Apa ndipo pali nchito yaikuru ya zaka zino, ndipo mlimi aimva msanga cifukwa ifanana ndi zathu.

Amayamba ndi kutiotcha. Timapaipi tongotuluka m'madzi tiri ngati mbiya yosaotcha. Amatiika m'ng'anjo pa madigiri ngati 450 kuti tikhwime, koma moto ukapitirira timagwa ndi kuphatikana, monga njerwa zokhala pafupi ndi khomo la moto. Ena anapeza kuti mukaotcha m'mpweya wotchedwa hydrogen m'malo mwa mpweya wamba, ufa woyera uja umada. Ufa wakudawu anauonetsa Xiaobo Chen ndi Samuel Mao ku Berkeley, ku California, mu 2011, ngakhale iwo anali kufuna kukolera kuwala kwa dzuwa. Mu 2012 Yat Li ndi anzake a ku Santa Cruz, ku California komweko, pamodzi ndi ena a ku China, anaotcha timapaipi mu hydrogen, napeza kuti magetsi ayamba kuyendamo bwino ndipo tikusunga oculuka ka 40 kuposa timene anatiotcha m'mpweya wamba. Ciyeso caoco sicinali pa batire leni-leni koma pa mbale wake wotchedwa supercapacitor. Batire likakhala nkhokwe, supercapacitor ndi licero: lidzala nthawi yomweyo, mukhuthula nthawi yomweyo, silitopa, koma silisunga zambiri.

Ena amatibveka makala. Amamiza timapaipi m'madzi a shuga, natiumitsa, natiotcha mopanda mpweya, monga momwe mtengo usandukira makala utakwiriridwa ndi dothi. Shuga uja asanduka kakhungu ka makala kokuta kapaipi konse, ndipo makala otere ayendetsa magetsi bwino. Awa okha ndiwo makala amene a Zankhalango sangakugwireni nao. Enanso amasakaniza ndi graphene, amene ali ngati tsamba limodzi losendedwa ku graphite.

Njira imene ndifuna muimvetse ndi iyi. Inu amene munaphunzira kumezanitsa mitengo mudziwa cifukwa cake titenga tsinde la mandimu ndi kumezapo nthambi ya malalanje. Tsinde la mandimu nlolimba, mizu yake ipirira cilala, koma zipatso zake nzowawasa. Malalanje ngokoma, koma pa mizu yao-yao safika patali. Cimodzimodzi pali zinthu zina zosunga magetsi ambiri koma zosalimba. Silicon asunga oculuka pafupi-fupi ka 10 kuposa graphite, koma amatupa mpaka kukula kwake kuwirikiza katatu kapena kanai, nasweka-sweka patangopita maulendo ocepa. Manganese dioxide, ufa wakuda uja mumauona m'batire la toci likaphwanyika, nayenso asunga bwino, koma yekha sayendetsa magetsi. Tsono ophunzira amatenga zinthu zotere nazimata m'kati ndi kunja kwa timapaipi tija. Kapaipi ndiye tsinde. Kagwira mnzake kuti asayoyoke, kampatsa njira ya magetsi, ndipo mphako yake impatsa malo otupira popanda kuswa nyumba. Cosakaniza cotere ndico acitcha composite.

Cobvuta ndi muyeso. Mukamata pang'ono palibe phindu. Mukamata kwambiri makomo a timapaipi atsekeka, lithium alephera kulowa, ndipo mwabwerera pa bwalo lopondedwa lija. Nzofanana ndi feteleza, amene akaculuka pa phando aotcha mbeu. Kutalikanso kuli ndi malire ake. Timapaipi tatitali tisunga zambiri, koma ticedwa kudzala, ndipo timasendeka pa citsulo. Mwa zolemba zambiri zimene ophunzira atulutsa pa nkhaniyi, gawo lalikuru ndi la kufuna muyeso umenewu: kutalika kwanji, moto wanji, comata coculuka bwanji.

Kodi zafika pati? Mu 2014 Chen Xiaodong ndi anzake a pa sukulu yaikuru ya Nanyang ku Singapore analengeza batire la timapaipi ta titanium dioxide limene anati lidzala magawo 70 mwa 100 m'mphindi 2 zokha, ndipo lipirira kudzazidwa ka 10,000. Mutadzaza kamodzi pa tsiku, zimenezo ndi zaka zoposa 20. Yerekezani ndi lanu la asidi, limene likafika maulendo mazana angapo layamba kale kufooka.

Koma ndikucenjezeni, abale anga. Zimenezo zinali za m'nyumba yoyesera. Mudziwa kuti mbeu imene yabereka bwino pa kamunda koyesera ku Chitedze itenga zaka isanafike m'sitolo ya kwanu, ndipo ina siifika konse. Mabatire oyesera ambiri ngaang'ono ngati ndalama yacitsulo. Kumeretsa timapaipi pa kacidutswa konga cikhadabo nkwapafupi, koma kuti timere tolingana pa cinsalu cacikuru cimene fakitale ifuna, ndi nkhani ina. Citsulo ca titanium ncodula, ndipo mankhwala a fluoride ngoopsa kwa ogwira nchito. Timapaipi ndi mphako, cotero malo ambiri m'batire atha ndi timaenje topanda kanthu. Ndiponso mphamvu yake yokankha magetsi njocepa: batire la titanium lipereka mavolti 2 ndi pang'ono, pamene la graphite lipereka oposa 3. Kuti mupeze magetsi olingana, muyenera kulumikiza oculuka.

Cimene cinafika kale pa msika ndi m'bale wake wa banja lomwelo, wotchedwa lithium titanate. Kampani ya Toshiba ya ku Japan inayamba kugulitsa batire lotere mu 2008 ndi dzina lakuti SCiB, ndipo lagwira nchito m'mabasi, m'sitima za pamtunda ndi m'magalimoto ena a Suzuki. Mulibe timapaipi m'menemo, koma laonetsa kuti cipinda ca titanium cikhalitsadi. Cirema cake nlodula, ndipo nlolemera.

Ine ndiona kuti kulemera ndi bvuto la wopanga foni ndi galimoto, si lathu ai. Batire la mlimi likhala pansi pa ngodya ya nyumba, palibe alisenza. Ife tifuna lokhalitsa, losayaka moto m'nyumba ya udzu, lolola kudzala msanga pa maola ocepa a dzuwa la m'dzinja. Pa izi titanium ali patsogolo, koma pa mtengo ali m'mbuyo kwambiri, ndipo mlimi agula ndi thumba lake. Si mlimi yekha afuna nkhokwe zotere. Ku Golomoti, m'boma la Dedza, anatsegula mu 2022 malo a sola a mamegawati 20 okhala ndi mabatire a lithium a mamegawati 5, kuti mtambo ukaphimba dzuwa magetsi a dziko asagwedezeke.

Tsopano tibwere kwathu. Ufa woyera uja ucokera makamaka m'miyala iwiri, ilmenite ndi rutile. Ilmenite apezeka m'mcenga wakuda wa m'mbali mwa nyanja, monga ku Salima ndi ku Makanjira. Rutile ndiye wabwino koposa, pakuti magawo ngati 95 mwa 100 a iye ndi titanium dioxide yekha-yekha, ndipo ngwosowa. Kampani ya ku Australia yotchedwa Sovereign Metals inapeza rutile ku Kasiya, ndipo mu 2023 inalengeza kuti kumeneko kuli dothi la matani 1.8 biliyoni lokhala ndi rutile gawo limodzi mwa 100, ndi graphite woposerapo pang'ono. Inanenanso kuti palibe malo ena odziwika pa dziko lonse okhala ndi rutile woculuka cotere. Caka comweco kampani yaikuru ya migodi ya Rio Tinto inagula gawo m'kampaniyo. Taonani: graphite wa batire la lero, ndi titanium wa batire limene akuliyesa, onse awiri m'dothi limodzi.

Tiwerengere bwino gawo limodzi mwa 100 lija. M'thumba la dothi la makilogalamu 50 mutuluka theka la kilogalamu la rutile. Ndiye kuti dothi lofukulidwa lidzakhala lambiri, ndipo dothilo siliri m'phiri kapena pansi patali. Nlofewa, liyambira pamwamba, pomwe mulima fodya ndi cimanga. Mu 2024 kampani inakumba dzenje loyesera, nilikwiriranso, nibzalapo mbeu kuti ione ngati nthaka ibwerera. Alimi a kumeneko apite kukaona ndi maso ao, osati nyengo imodzi yokha. Munda wokonzedwa bwino ndi kuthiridwa feteleza ubala caka coyamba. Mboni yeni-yeni ndi caka cacitatu ndi cacinai.

Musaganize kuti rutile yense apita ku mabatire. Miyala ya titanium yokumbidwa pa dziko lapansi, pafupi-fupi magawo 9 mwa 10 ithera ku ufa woyeretsera penti ndi zina zotere. Yotsalayo ipanga citsulo ca ndege ndi ndodo zootcherera zitsulo. Ndiponso rutile wongocoka m'dothi sangalowe m'batire asanayengedwe m'mafakitale akuru. Cotero munthu asabwere usiku ndi nkhani za mabatire kudzakunyengani kuti mumgulitse munda mwacinsinsi. Pali lamulo la malo a makolo la 2016, pali lamulo la cilengedwe la 2017 limene lifuna kuti nchito yaikuru ipimidwe isanayambe, ndipo pali lamulo la migodi la 2023. Mukaitanidwa ku msonkhano pitani, ndipo funsani molunjika. Dothi la pamwamba, lokhala ndi cajira, lidzasungidwa kuti? Madzi otsukira dothi adzacokera kuti, ndipo zitsime ndi madimba zidzakhala bwanji? Munda udzabwezedwa patapita nyengo zingati, ndipo banja lidzadya ciani m'nyengo zimenezo? Mayankho alembedwe pa pepala. Amai nao alankhule, pakuti kuno ku Cigawo ca Pakati minda yambiri iri m'manja mwa mbumba.

Nanga batire limene muli nalo lero? Wogulitsa akakuonetsani lolembedwa "nano" kapena "titanium" pa cikuto nakweza mtengo, musagule dzina. Funsani kalata yonena zaka zimene adzakubwezerani lina likafa, ndipo akakana kulemba, tulukani. Amene thumba lake lilola afunse la lithium lolembedwa LiFePO4, limene lipirira kudzazidwa maulendo zikwi zingapo ndipo siliyaka msanga. La asidi lija nalonso likhoza kukhalitsa mutalisamala. Musalitape kupitirira theka. Ana akaonera kanema mpaka nyale zizime zokha, ndiye mukulipha. Lidzale ndithu tsiku liri lonse, pakuti likagona lanjala nthawi yaitali siliciranso. Kabokosi kolamulira kaja kokhala pakati pa galasi ndi batire musakadumphe ndi waya pofuna kupulumutsa ndalama. Madzi akacepa thirani a batire a m'botolo, osati a pa mjigo, osatinso asidi. Liikeni pa mthunzi, popita mphepo. Likafa musaliswe kuti mutenge mtobvu womangira ku maukonde, ndipo asidi wake musamtaye m'munda. Mtobvu uononga ubongo wa ana. Libwezeni kwa ogula mabatire akale.

Kwa inu a m'madimba, njira yocipa koposa ndi kusunga madzi m'malo mosunga magetsi. Pampu iyende masana dzuwa liri pamutu, ikweze madzi m'thanki kapena m'dziwe lokumba pamtunda, ndipo madzulo muthirire ndi mapaipi, madzi akutsika okha. Pamenepo pampu siifuna batire konse.

Sabata la mawa, nthawi yonga yomwe ino, tidzakamba za kukula kwa thanki loyenera dimba la theka la ekala, ndi pamene muyenera kuliimika. Tsalani bwino nonse.